Madisiki Anayi Akumunsi

Pachipatala china cha m'tsinde mwa phiri, kumene nkhungu imatha kutsika dzuwa lili paliwombo, pali kachipinda kamene ogwira ntchito akamadutsa pakhomo pake amatsitsa mawu. Si mantha ayi. Mukawafunsa amangoti, "Ndi ulemu chabe," n'kusintha nkhani. Koma mukakhala nawo nthawi yaitali, chimanga chikupsa pambaula, mmodzi amayamba yekha kukuuzani za Lizineti Chimwaza ndi madisiki anayi aja.

Kachipindako kali kumapeto kwa khonde, kupitirira kojambulira ekisire. Kale munali mosungira mankhwala, n'chifukwa chake mulibe zenera. Ukalowa n'kutseka chitseko, sudziwa ngati kunja kuli dzuwa kapena kwada. Mumazizira ngati mwezi wa Juni chaka chonse, ndipo mafani amalira osalekeza, wuuu, ngati mvula ikubwera kutali. M'menemo ndi mmene muli maseva, makompyuta akuluakulu osunga zithunzi zonse za odwala: mapapo, mafupa othyoka, ana amene akadali m'mimba.

Lizineti anali mayi wamfupi, wosayankhulayankhula, wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Ntchito ya makompyuta anaiphunzira kusukulu, inde, koma manja ake anawaphunzitsa ndi Bambo Mzumara, bambo wamtali wa ku Mzimba amene anakoka chingwe choyamba m'kachipindamo ndipo anakhalamo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ankavala juzi yotuwa ngakhale mu Okutobala, ndipo fulasiki yawo ya tiyi wa jinja sinkachoka pansi pa tebulo. Mwezi wake woyamba pantchito, Lizineti anafufuta molakwika zithunzi za sabata yathunthu. Anakhala pansi n'kuyamba kulira, akudziwa kuti ntchito yamuthera. A Mzumara anangokoka mpando, n'kukhala naye masiku awiri mpaka zonse zitabwerera, ndipo sanauze munthu aliyense. Chimene ananena ndi chimodzi chokha: "Mwanawe, lero waphunzira zimene sukulu sigulitsa."

Patapita zaka, mu Epulo wina, a Mzumara anagwa potuluka m'tchalitchi. Anagona m'chipatala chomwecho masiku atatu lilime litalemera, tsiku lachinayi n'kutsikira kuli chete. Ntchito yonse inatsala m'manja mwa Lizineti.

Ndiye inafika nthawi ya ntchito yaikulu. Zipatala zitatu zinagwirizana kulumikiza maseva awo kuti akhale ngati nkhokwe imodzi: chithunzi chojambulidwa kuno chizisungidwanso kwinako, ndipo dokotala wa kulikonse azichiona. Koma bokosi la madisiki, zipangizo zimene zithunzizo zimasungidwamo, la pachipatala cha Lizineti linali lochedwa zedi. Madokotala ankadikira mphindi zisanu kuti chithunzi chimodzi chitseguke, wodwala ali gone pabedi akubuula.

Vuto lake Lizineti ankalidziwa. M'bokosimo munali madisiki khumi ndi awiri, ndipo chithunzi sichikhala pa disiki imodzi. Chimadulidwa m'zidutswa n'kumwazidwa pa madisiki onse, kuti pochitsegula onse anyamulire pamodzi, monga amuna amachitira posenza denga la nkhokwe. Zidutswa zikachepetsetsa, madisiki amangothamangathamanga osanyamula kanthu. Zikapanda kuyambira pamalire oyenera, disiki iliyonse imagwira ntchito ya iwiri. A Mzumara ankati apa ndi pamene pamakwanira mwambi uja, liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Bokosilo linayalidwa kalekale, zithunzi zikadali zing'onozing'ono. Kuti likonzeke, panafunika kulifomata, ndiye kuti kufufuta zonse mpaka mbee, n'kuliyala mwatsopano.

Choyamba zonse zinakoperedwa kuzipatala ziwiri zija. Ntchito imeneyo inatenga masabata atatu, ndipo pomaliza makina anatulutsa lipoti lonena kuti zonse zakoperedwa, palibe chotsala. Bambo Tembenu, woyang'anira chipatala, anasainira lipotilo n'kunena kuti, "Loweruka masana, ku ekisire kukakhala zii, mufufute. Lolemba ndikufuna madokotala asiye kundidandaulira."

Zachilendo zinayamba Lolemba la sabata imeneyo.

M'mawa Lizineti anamata timapepala ta manambala pa madisiki onse, kuyambira wani pamwamba mpaka thwelofu pansi. Anatseka chitseko n'kupita kukadya. Pobwera anapeza timapepala tinayi takumunsi, naini mpaka thwelofu, titazondoka. Sitinagwe ayi. Tinamatidwa bwinobwino, mowongoka, koma mutu pansi. Anayima kanthawi akutiyang'ana, kenaka anadziseka yekha. "Kutopa kumeneku," anatero, n'kutimatanso.

Lachiwiri inasowa sikuludiraiva yake ya chigwiriro chofiira. Anafunafuna m'madirowa, m'chikwama, pansi pa tebulo. Chakumadzulo anakwera pampando kuti atenge chingwe pamwamba pa kabati, n'kuipeza ili pomwepo, itagona mowongoka m'mphepete mwa khoma. Pamenepo ndi pamene a Mzumara ankaika zida zawo, poti iwo ankangotambasula dzanja. Lizineti sakanafikapo popanda mpando. Anaitenga, n'kumva chigwiriro chake chili chofunda, m'chipinda mmene chitsulo chilichonse chimaluma zala ndi kuzizira.

Makiyi a chipindacho analipo awiri basi. Anapita kwa a Tembenu n'kufunsa ngati wina anabwereka wachiwiriyo.

"Wa malemu uja?" A Tembenu anatsegula dirowa n'kumuonetsa envulopu yomata, fumbi lili pamwamba. "Chibweretsereni akazi awo sindinaikhudze. Kwasowa kanthu?"

"Ayi bwana. Ndimangofuna kudziwa."

Lachitatu anali kuyesa kukula kwa zidutswa pa seva ina yaing'ono yoyeserera. Kale zinali pa 64. Iye anaganiza zokweza kufika pa 128, anayesa, liwiro linakwerako ndithu, ndipo analemba nambalayo papepala. Kenaka anaitanidwa kumsonkhano umene unatha maola awiri. Atabwerera anapeza mpando wake utakwezedwa, moti atakhalapo mapazi ake analendewera ngati mwana. Pasikirini panali zotsatira za kuyesa kwina kumene iye sanayambitse. Anayang'ana mndandanda wa malamulo amene alembedwa pamakinawo. Mzere womaliza unalembedwa nthawi ya 3:10, iye ali kumsonkhano. Unali wofanana ndi wake, kusiyana manambala okha: zidutswa pa 256, ndi poyambira posunthidwa pang'ono kuti pagwere pamalire enieni. Liwiro lake linali loposa la iye pafupifupi kawiri.

Anaimbira foni Sikelo, mnzake wa ntchito yomweyo pachipatala chachiwiri, munthu wanthabwala.

"Achimwene, mwalowa mu seva yanga yoyeserera?"

"Ine? Ndilowa bwanji, poti simunailumikize kunja? Bwanji, yayamba kudziyendetsa yokha? Muiuze ibwere izandithandize kuno."

Lizineti anaseka nawo, koma atadula foni anayang'ana kuseri kwa sevayo. Zoonadi, chingwe cha netiweki chinali lende, chosalumikizidwa. Anayesanso yekha manambala aja katatu, ndipo katatu konse anatuluka bwino. Anafufuta 128 papepala lake n'kulemba 256.

Lachinayi m'mawa anapeza a Nasibeko, mayi wachikulire wokolopa khonde limenelo, atayima ndi ndowa yawo patali ndi chitseko.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Lero mukolopamo? Ndatsegula."

A Nasibeko anapukusa mutu. "Mwanangu, mundikhululukire. Mopu ndikupatsani, mukolope nokha."

"Chavuta n'chiyani?"

Mayiwo anayang'ana uku ndi uku, n'kuyandikira. "Dzulo, inu muli kumsonkhano kuja, ndimakolopa pano. Ndiye ndinamva m'katimo wina akung'ung'udza nyimbo. Ya kutchalitchi, ija ya kwawo kumpoto ija. Ine kuiwala, mwanangu, mutu wa ukalambawu. Ndinangoti, ‘Odi, abambo, ndikolopemo?’ monga ndinkachitira kale." Anaika ndowa pansi. "Nyimbo ija inasiya."

"Kenaka?"

"Kenaka mpando unalira, ngati munthu akutembenuka kuti ayankhe. Ine sindinadikire yankho."

Lizineti anafuna kunena kuti ndi mafani, poti mafani akatha mafuta amaimba nyimbo zamitundumitundu. Koma asananene, a Nasibeko anamugwira pamkono.

"Musaope kwambiri. Munthu uja analibe mtima woipa ali moyo, sangauyambe panopa. Koma wakufa sabwerera chabe kuntchito. Pali chimene chikumusowetsa tulo. Inu muli pafupi ndi zinthu zakezo, tcherani khutu."

Tsiku limenelo Lizineti anagwira ntchito chitseko chili chotsegula, atachitchinjiriza ndi katoni, ngakhale ankadziwa kuti akutulutsa mphepo yozizira. Anawerenganso lipoti lija mzere ndi mzere. Linkanena zomwezo: zonse zakoperedwa. Timapepala tinayi tija anatipezanso titazondoka, ndipo ulendo uno sanatikonze.

Lachisanu anaweruka dzuwa litapendeka, n'kutsika ndi msewu wa mabulugamu wopita kumene ankakhala. Nkhungu inali itayamba kutsika m'phiri. Pafupi ndi kamlatho anamva mapazi kumbuyo, phaphapha, a munthu wothamanga ndi matapata. Anatembenuka. Anali mayi wina wosamudziwa, atafunda chitenje kumutu, m'manja muli kapoto ndi mtolo wa nkhuni, mwa amayi aja odikirira odwala.

"Pepani, achemwali," anatero mayiyo akupuma wefuwefu. "Ndinu a makompyuta?"

"Ndine."

"Eya, anati wamfupi, wa chikwama chakuda. Ndatumidwa. Ndimachokera kowodi ya amuna, ndiye ndinasochera, n'kukafika kukhonde lakumapeto lija. Ndiye pali abambo ena anayima pachitseko, ataliatali, a juzi. Andilozera njira bwinobwino, aulemu wake. Kenaka akuti, ‘Mukamuona mwana wanga wa makompyuta, mumuuze kuti asamvere pepala. Awerenge yekha.’"

Lizineti anamuyandikira. "Nkhope yawo munaiona?"

Mayiyo anaganiza, n'kuseka mwamanyazi. "Mukudziwa, sindinaione bwino. Pamene anayimapo panali kamdima. Koma ndi bambo anu eti? Mawu ake ndi a munthu wokukondani." Anakonza mtolo wake. "Ndathamanga, wodwala wanga akudikira phala." Ndipo anabwerera chokwera, nkhungu n'kumumeza asanafike n'pamtengo wachitatu pomwe.

Loweruka linafika. Lizineti anadzuka mutu uli wolemera, akulimbana ndi maganizo. Awerenge chiyani? Lipoti analiwerenga kanayi. Akapita kwa a Tembenu kukanena kuti ntchito iime chifukwa cha timapepala tozondoka ndi mawu a mayi wa kapoto, adzamuona ngati wazungulira mutu. Madokotala anali atauzidwa, zipatala zinazo zinali kudikira. Anadziuza kuti chisoni chimachita zinthu zotere, chimakuonetsa munthu paliponse. Anavala juzi n'kupita.

Nthawi ya thu koloko masana khonde linali zii. Analowa, n'kutseka chitseko, poti ntchito yotere siifuna makina otentha. Anaimitsa mapulogalamu onse. Anakhala pansi n'kulemba lamulo lake mosamala: madisiki onse khumi ndi awiri, zidutswa pa 256, poyambira pamalire. Analiwerenga kawiri. Anadina. Makina anafunsa ngati akutsimikizadi, n'kuchenjeza kuti zonse zifufutika osabwereranso. Chinatsala ndi kulemba liwu limodzi la zilembo zitatu.

Analemba chilembo choyamba. Analemba chachiwiri.

Mafani anatsitsa mawu. Sanazime ayi, anangotsika onse pamodzi, monga amachitira anthu wamkulu akalowa m'nyumba. M'chipindamo munagwa bata limene Lizineti anali asanalimvepo chiyambire ntchito, moti ankamva mtima wake ukugunda m'makutu. Kenaka linamufika fungo, pang'onopang'ono, lochokera kumbuyo: tiyi wa jinja, wotentha, wongothiridwa kumene.

Kha!

Kachogwirira ka disiki ya nambala naini kanatseguka kokha, disikiyo n'kutuluka pang'ono, kutalika kwa chala. Kanyali kake kobiriwira kanazima.

Kha! Teni.

Panadutsa kanthawi, ngati munthu akuwerama movutikira kuti afike pansi.

Kha! Leveni. Kha! Thwelofu.

Alamu imene imalira disiki ikangosuntha sinalire. Manyali asanu ndi atatu akumwamba anali kuyaka phee, anayi akumunsi ali bii. Chala cha Lizineti chinali m'malere pamwamba pa chilembo chachitatu, ndipo sichinkatheka kutsika kapena kubwerera. Anakhala choncho nthawi imene sakanatha kuiwerenga, mpaka sikirini inadzithimitsa yokha, monga imachitira ukapanda kuikhudza. Pagalasi lakudalo anaona nkhope yake. Pamwamba pa phewa lake lamanzere panali kutuwa kwa ulusi wa juzi, ndi mabatani awiri. Kumtunda kwake galasi linathera pomwepo.

Sanatembenuke. Mpaka lero akafunsidwa amati sakudziwa ngati anali mantha kapena ulemu. Anachotsa dzanja pakiyibodi, n'kuliika pamiyendo, n'kunena ndi mawu amene anatuluka ngati a mwana:

"Bambo, ngati ndinu, ndamva. Sindifufuta. Ndiwerenga."

Pamenepo anamva kupuma kumodzi kwakutali, kwa munthu amene watula katundu. Mafani anayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka kufika pamawu awo a masiku onse. Atagwedeza mausi, sikirini inayaka, ndipo kumbuyo kwake kunali khoma ndi kabati basi.

Anafufuta zilembo ziwiri zija n'kuthetsa lamulo lonse. Anagwada pansi, n'kubwezera madisiki anayi aja m'malo mwake mmodzimmodzi. Kenaka anachita chimene sanachite masabata atatu onse: anasiya lipoti pambali, n'kuuza makina kuti awerenge zithunzi zenizenizo, chimodzichimodzi, za m'bokosi lake, ndi za kuzipatala zinazo. Kuwerengako kunatenga ola ndi theka. Iye anangokhala, maso ali pa manambala akukwera.

Manambala sanafanane. Kwinako kunkaperewera zithunzi zikwi makumi anayi ndi chimodzi.

Atafufuza anapeza mutu wake. Madisiki khumi ndi awiri aja sanali gulu limodzi monga mapepala onse ankanenera. Zaka zapitazo bokosi litadzaza, a Mzumara anawonjezera madisiki anayi akumunsi n'kuwayala ngati gulu lapadera, n'kulilumikiza mkati mwa linzake, moti poyang'ana linkangooneka ngati foda wamba yolembedwa kuti "zakale". Pulogalamu yokopera ija inauzidwa kuti isadumphe malire a gulu limene yapatsidwa. Inafika pakhomo la foda ija n'kubwerera, ndipo inanena zoona ndithu kuti zonse zimene inatumidwa yamaliza. M'madisiki anayiwo munali zithunzi za zaka zisanu ndi zitatu, za kuchipatala cha chifuwa ndi kowodi ya ana. Kunalibe kwina kulikonse padziko kumene zinasungidwa.

Lizineti anatsamira tebulo n'kulira monga analirira mwezi wake woyamba. Akanayenera kuyang'ana yekha kalekale, ndipo ankadziwa. Chinatsala ndi chilembo chimodzi.

Atapukuta misozi anaimbira a Tembenu, amene anali ku ukwati wa mphwawo, zoimbira zikumveka kumbuyo.

"Mukuti chiyani? Simunafufute? Mayi Chimwaza, ndinalonjeza madokotala! Ndiye ntchito yalephereka?"

"Siinalephereke, bwana. Yapulumuka." Anawafotokozera za zithunzi zija. Kunamveka a Tembenu akuchoka pa phokoso.

"Zikwi makumi anayi? Ndipo ine ndinasainira?" Mawu awo anali atatsika. "Mwazindikira bwanji?"

Lizineti anayang'ana timapepala tozondoka tija. "Ndinakumbutsidwa kuti ndiwerenge ndekha."

"Amene anakukumbutsaniyo Mulungu amudalitse. Tengani masiku amene mukufuna."

Kukopera zotsalazo kunatha Lachiwiri m'mawa. Iye ndi Sikelo anawerenga mbali zonse, aliyense payekha, manambala n'kufanana mpaka chithunzi chomaliza. Masana a tsiku lomwelo Lizineti analembanso lamulo lija. Asanalembe chilembo chachitatu anadikira pang'ono, akumvetsera. Mafani ankangolira mwa masiku onse. Anadina. Manyali khumi ndi awiri anayamba kuphethira pamodzi ngati ziphaniphani, ndipo pofika Lachinayi chithunzi chimene chinkatenga mphindi zisanu chinkatseguka dokotala asanachotse dzanja pa mausi.

Patatha masabata awiri, Dokotala Namaona, mayi wa matenda a chifuwa amene sankadziwika ndi kuyamikira anthu, anabwera yekha kudzagogoda pakachipinda kaja.

"Ndimafuna ndikuuzeni kanthu, Mayi Chimwaza. Ndili ndi wodwala, Bambo Dzimbiri, mphunzitsi wa kupulayimale, ana asanu. Tinamupeza ndi chinthu m'phapo lamanja. Tonse tinati ndi khansa, ndipo tinali titakonza zomutumiza kukang'ambidwa pachifuwa. Ndi mtima wake wofookawo, sindikudziwa ngati akanadzuka patebulo. Dzulo ndinati ndione ngati anajambulidwapo kale. Ndapeza chithunzi cha zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Chinthucho chilipo, malo omwewo, kukula komweko, sichinasunthe n'pang'ono pomwe. Ndi chipsera cha TB yakale. Ndamuuza apite kwawo akaphunzitse ana." Anayang'ana maseva aja, kenaka Lizineti. "Ndamva kuti zithunzi zakalezo zikanapita. Zikomo."

Lizineti anafuna kunena kuti zikomoyo si yake, koma sanadziwe poyambira. Anangoti, "Ndikafikitsa, adokotala."

Lamulungu lotsatira anagula shuga, mafuta ophikira ndi nkhuku yoyera, n'kukwera kabaza kupita kwa mayi a kunyumba a malemu, a NyaKumwenda, amene anali akukhalabe m'nyumba yawo kuseri kwa msika podikira kulongosola zokolola asanabwerere kumpoto. Anawapeza akusola chimanga pakhonde. Atalonjerana, Lizineti anakhala pamphasa n'kufotokoza zonse, kuyambira timapepala mpaka mphunzitsi uja. Ankayembekeza kuti mayiwo adabwa, kapena akhumudwa kuti akuwakumbutsa maliro. Koma a NyaKumwenda ankangosola, akugwedeza mutu.

"Anayi," anatero potsiriza. "Ndiye zinali zimenezo."

"Mukutanthauza chiyani, amayi?"

"Masiku atatu aja ali gone m'chipatala, pakamwa patakhota, dzanja limodzi lokha ndi limene linkagwira. Ankangondionetsa zala zinayi. Ine ndimvekere, ana athu anayi? Ndawaitana, akubwera. Iwo n'kupukusa mutu. Ndimvekere, mbuzi zinayi zili kwa alongo anu? N'kupukusanso, misozi ikutsika. Ankaloza kukhomo, chakukhonde lanulo. Ine osamva. Anapita zala zili choncho, mwanangu. Ndinachita kuzipinda ndekha posambitsa." Anaika chitsononkho pansi. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikudzifunsa kuti mwamuna wanga anafuna kundiuza chiyani chimene ndinalephera kumva."

"Sunali uthenga wanu, amayi. Unali wanga. Ndipo wafika."

Mayiwo anayang'ana nkhuku ija ikujompha njere zogwa pamphasa. Kenaka anaseka pang'ono, misozi ili m'maso.

"Ndikuuzeni china. Chimwalirireni ndimawalota kawirikawiri, koma nthawi zonse ali chiimire pakhomo, nsapato kuphazi, ngati munthu wochedwa kuntchito. Ndimvekere, khalani pansi, a Mzumara, mudye. Osakhala. Ndiye sabata zitatu zapitazo, Lachiwiri, ndinawalota atalowa m'nyumba. Anakhala pampando wawo uwo, n'kuwerama, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Anavula imodzi, n'kuvula inzake, n'kuziika pambali bwinobwino. Chichokereni tsiku limenelo sindinawalotenso."

Lizineti anagwira dzanja la mayiwo ndi manja ake awiri, n'kuweramitsa mutu. Mawu amene anabwera nawo ulendo wonse, amene sanathe kuwanena m'chipatala muja a Mzumara ali moyo, anawanena pamenepo, pakhonde, pamaso pa mkazi wawo ndi mpando wopanda munthu.

"Zikomo, bambo. Pumulani tsopano. Zotsalazo ndigwira ndine."

A NyaKumwenda anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kumukankhira lichero. "Ndiye yambani ndi chimangachi," anatero. Ndipo awiriwo anasola mpaka dengu linadzaza.